Buku limodzi pa mwezi n'lotheka, koma yambani ndi mabuku amene alipo

Sabata yatha ndinalandira imelo yochokera kwa mayi wina amene amaphunzitsa pa sukulu ya pulayimale ku Mzuzu. Akuti mu Januwale iwo ndi anzawo asanu ndi awiri anapangana pa gulu la WhatsApp kuti aziwerenga buku limodzi mwezi uliwonse mpaka chaka chithe. Anakopera pa intaneti mndandanda wa mabuku otchuka 12, n'kugwirizana kuti aliyense azidzipezera yekha buku la mwezi umenewo. Januwale anayenda bwino. Mu Febuluwale omaliza anali atatu. Pofika Epulo gulu linangoti zii, mukungobwera mauthenga a maliro ndi a zinkhoswe. Funso lawo lili pawiri: kodi pangano lotereli lingatheke bwanji kwa munthu wapantchito, wa ana pakhomo, amene ndalama ya mabuku imamuvuta? Nanga ineyo ndawerengapo chiyani posachedwapa chimene iwo angayambire?

Mayi, zikomo kwambiri pondilembera. Ndiyambe ndi nkhawa imene ndaiona kumapeto kwa kalata yanu, pamene mwalemba kuti mwina n'zoona zimene anthu amanena zoti Amalawi sitikonda kuwerenga. Mawu amenewa ine ndimawakana. Munthu yemweyo amene akunenedwa kuti sakonda kuwerenga amamaliza kachidutswa ka nyuzipepala kamene amukulungiramo zitumbuwa, amadziwa pamtima machaputala a Baibulo kapena masura a Korani, ndipo pa foni amatsatira nkhani yachikondi yodulidwadulidwa m'magawo ambirimbiri osaphonyapo gawo. Chilakolako chilipo. Chimene chimasowa ndi buku m'manja, komanso munthu wokambirana naye ukaliwerenga. Pangano lanu linagwera pa zinthu ziwiri zomwezi, osati pa ulesi.

Taonani mmene munayambira. Munalemba mndandanda kaye, kenako n'kuyamba kusaka mabuku. Munthu wa ku London angachite zimenezo, poti laibulale ya m'dera lake imamuitanitsira buku limene akufuna. Kwathu kuno tiyenera kutembenuza: tione kaye mabuku amene alipo, mndandanda ubwere pambuyo. Loweruka likubwerali aliyense wa inu atsegule masutikesi, makatoni ndi kabati ya pabalaza, ajambule mabuku onse amene ali m'nyumba mwake, ngakhale aja anasiya ana atalemba mayeso a Fomu 4, atumize zithunzizo pa gulu. Mupitenso kwa azakhali anu, kwa abusa opuma, kwa ahedi akale. Nyumba zimenezi zasunga mabuku ochuluka kuposa mmene timaganizira, makamaka aja a chikuto cha mtundu wa lalanje a African Writers Series, amene kampani ya Heinemann inayamba kusindikiza mu 1962. Ambiri angogona pansi pa bedi, chiswe chikuwadya, eni ake akungodikira munthu woti awapemphe.

Mukatha pamenepo, mmodzi wa inu apite ku nthambi ya National Library Service ya mumzinda mwanumo, akaone mashelefu ndi maso ake, akacheze ndi wogwira ntchito pamenepo za mmene munthu amalembetsera kuti azibwereka. Inu a ku Mzuzu mukudziwa kuposa ife kuwawa kwa kusowa mabuku, poti munaona laibulale ya Mzuzu University ikupsa mu Disembala 2015, mabuku pafupifupi 45,000 n'kusanduka phulusa. Ndiye ochepa amene alipo mumzindamo asamangokhala osatsegulidwa. Palinso kaunjika wa mabuku amene anyamata amayala m'makhonde a masitolo ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Wina akamapita kumeneko mumutume. Pamulu wa mabuku a sukulu akale ndi magazini, munthu woleza mtima amatolapo buku labwino pa mtengo wokambirana.

Tsono nayi njira imene ndikukulangizani, ndipo si yachilendo kwa inu chifukwa ndi chipereganyu chomwe chija, kungoti chozungulira ndi buku m'malo mwa ndalama. Muli anthu asanu ndi atatu. Sankhani mabuku asanu ndi atatu mwa amene mwawapeza. Aliyense atenge limodzi, akhale nalo mwezi wathunthu, ndipo pa tsiku lokumana alipereke kwa amene akumutsatira pa mzere. Ikatha miyezi isanu ndi itatu aliyense adzakhala atawerenga onse, popanda wina kugula buku ngakhale limodzi. Ubwino wake wina ndi uwu: amene akukupatsani buku ndi munthu amene wangolimaliza kumene, likadali lotentha m'mutu mwake, ndipo mwezi wotsatira inu mudzafuna kumubwezera mawu. "Mayi Phiri, munati mkazi uja ndi wankhanza, koma ine ndaona kuti wolakwa ndi mwamuna wake." Kukambirana kotero n'kumene kumamukoka munthu kuti amalize chaputala chotsala, m'malo mogona.

Tsiku lokumana lisamasinthesinthe. Kaya ndi Loweruka lomaliza la mwezi, kaya ndi Lamulungu mukaweruka kutchalitchi, likhale lomwelo, ndipo muzikumana maso ndi maso. WhatsApp ndi yabwino pokumbutsana, koma pa foni munthu amabisala mosavuta. Amangowerenga uthenga n'kukhala chete. Buku loti ulipereke pamanja kwa mnzako amene akulidikira silibisalika. Mugulenso kope limodzi pa buku lililonse, liziyenda nalo limodzi. Womaliza kuwerenga alembemo theka la tsamba: chimene chamukhudza, munthu wa m'nkhanimo amene wamukwiyitsa, pamene sanamvetse. Wolandira asawerenge za m'kopemo mpaka atamaliza buku. Pofika kwa munthu wachisanu ndi chitatu, kope lija limakhala lokoma kuwerenga palokha. Ndipo mabukuwo muwakute ndi pepala la khaki ndi pulasitiki monga mumawauzira ana a m'kalasi mwanu, chifukwa adzayenda m'zikwama momwe muli mandasi, adzakwera njinga za kabaza, mvula ya ku Mzuzu idzawapeza panjira.

Lamulo limodzi lokha ndikupemphani kuti mulisunge ndi mtima wonse: amene sanamalize abwerebe, ndipo asachititsidwe manyazi. Magulu ambiri amafa chifukwa munthu akalephera mwezi umodzi amachita manyazi kubwera, mwezi wachiwiri manyazi aja awirikiza, wachitatu wachokeratu. Wosamaliza anene pamene analekera ndi chifukwa chake. Ngati mwana anadwala, mwamva. Ngati bukulo linamutopetsa, imeneyonso ndi nkhani yoti mukambirane, ndipo nthawi zina imakoma kuposa ya amene analikonda. Munthu akawerenga masamba 50 buku osamugwira mtima, ali ndi ufulu wolisiya. Si mayeso awa.

Za nthawi, tiyeni tiwerengere. Buku la masamba 200 pa masiku 30 ndi masamba 7 pa tsiku, mphindi 15 kapena 20. Nthawi imeneyi simudzaipeza madzulo mutakhala pampando ana atagona, chifukwa pamenepo thupi limakhala litatheratu. Ili pa mzere wa kubanki kumapeto kwa mwezi, pa benchi ya kuchipatala, mu minibasi imene ikudikira kudzaza, pa buleki anzanu akukamba za mpira. Buku lizikhala m'chikwama, osati pamutu pa bedi. Muganizirenso nyengo. Januwale mpaka Malichi ndi miyezi ya fizi, ya feteleza, ya kupalira, ya matumba opanda kanthu. Kuyamba chaka ndi buku lalikulu pa nthawi imeneyo n'kudzitchera msampha. Mabuku okhuthala asungireni Juni ndi Julayi, pamene kuzizira kumatilowetsa m'nyumba dzuwa likangolowa. Mwezi wochonga mayeso, amene ali ndi mulu wa mapepala apatsidwe kabuku ka ndakatulo kapena ka nkhani zazifupi.

Ndinenepo za ma PDF amene amayenda pa WhatsApp, poti ndikudziwa kuti wina pagulu lanu adzati, bwanji tingotumizirana. Mabuku akalekale amene umwini wake unatha alipo aulere pa intaneti, pa tsamba la Project Gutenberg, ndipo nthano za ana m'Chichewa zilipo zaulere pa tsamba la African Storybook. Amenewo tengani mosadandaula. Koma buku la mlembi wa kuno amene ali moyo, amene mwina anagulitsa mbuzi kuti alisindikize, musaligawe mwaulere. Msika wa mabuku kwathu ndi waung'ono kale, ndipo buku likangofalikira pa mafoni, makatoni ake amaolera m'nyumba mwa mwini wake. Bola muzisonkha kangachepe mwezi ndi mwezi, pakatha miyezi iwiri kapena itatu mugule buku limodzi latsopano la Mmalawi, lilowe mu mzere. Onani m'masitolo a CLAIM Mabuku, funsani za mabuku a Kachere a ku Zomba, a Montfort Media a ku Balaka, ngakhale a Mzuni Press amene ali pafupi nanu pomwepo.

Tsopano za zimene ndawerenga miyezi yapitayi. Mudzaona kuti palibe latsopano kwenikweni. Ndasankha amene ndikuganiza kuti mungawapeze.

Limene landikhalitsa pansi kwambiri ndi Nthondo, la Samuel Josia Ntara, amene anali mphunzitsi wa mishoni ya Nkhoma. Linatuluka mu 1933 litapambana mphotho pa mpikisano wa International Institute of African Languages and Cultures, ndipo chaka chotsatira Thomas Cullen Young analimasulira m'Chingerezi n'kulitcha Man of Africa. Ndi mbiri yopeka ya munthu mmodzi kuyambira kubadwa mpaka kumwalira: mwana wovuta, mnyamata wa manja ataliatali, munthu wopita kutali kukafuna ntchito, amene pambuyo pake akukhala mfumu ya mudzi n'kulowa Chikhristu. Ndinena mosabisa kuti mbali ya kutembenuka mtima ndi imene inandigwira pang'ono. Ukuona kuti wolemba akudziwa kumene amishoni akufuna nkhani ikathere. Moyo wa bukuli uli m'masamba amene Nthondo akadali wosamva, mmene anthu akulankhulana pabwalo, mmene akulu akudzudzulira mwana, mmene mudzi ukuchitira pa maliro. Ntara analemba Chichewa cha munthu amene sankaganiza m'Chingerezi. Ziganizo zake zimayenda ngati munthu akukusimbira pamaso, ndipo ukaliwerenga mokweza umamva mawu a agogo amene tinaleka kuwagwiritsa ntchito osadziwa kuti tawaleka. Mukapeza losindikizidwa kalekale mudzaona kalembedwe ka nthawi imeneyo, "cifukwa" m'malo mwa "chifukwa", monga abale athu a ku Zambia akulemberabe. Masamba awiri atatu diso limazolowera. Ngati m'nyumba za anzanu mutapezekanso Kukula ndi Mwambo kapena Sikusinja ndi Gwenembe a John Gwengwe, aikeni mu mzere. Ambiri tinawawerenga tili ana pofuna kukhoza mayeso, ndipo kuwabwereza uli wamkulu, uli ndi ana ako, ndi kuwerenga kwina.

Lachiwiri ndi la kwanu kumpoto, I Will Try la Legson Kayira, lotuluka mu 1965. Kayira anabadwira m'boma la Chitipa, anaphunzira ku Livingstonia, ndipo dzina la bukuli ndi mawu amene anali chizindikiro cha sukuluyo. Mu Okutobala 1958 ananyamuka wapansi, wopanda nsapato, atanyamula kamba wa masiku asanu, kankhwangwa, bulangete, Baibulo ndi buku la John Bunyan lija la ulendo wa Mkhristu, cholinga chake chili chokafika ku Cairo kuti akapeze njira yopitira ku America kukaphunzira. Anadutsa Tanganyika, kulowa Uganda, akugwira maganyu panjira kuti apeze chakudya. Ku Kampala analowa m'laibulale, n'kupeza buku la mndandanda wa makoleji a ku America, n'kulembera Skagit Valley College ya ku Mount Vernon m'chigawo cha Washington. Anamulandira. Anapitiriza mpaka ku Khartoum, makilomita opitirira 3,000 kuchokera kwawo, ndipo anthu a ku Skagit Valley anasonkha ndalama ya ndege. Anafika mu Disembala 1960. Pambuyo pake anakaphunziranso ku University of Washington ndi ku Cambridge, analemba mabuku ena angapo, ndipo anamwalirira ku London mu 2012.

Nkhani imeneyi anthu amakonda kuisimba pa misonkhano yolimbikitsa achinyamata, koma akaifupikitsa choncho imatsala mafupa okhaokha. M'bukumo muli mantha, njala, matenda, kukayika, ndi anthu osawadziwa amene anamupatsa pogona chonsecho iwonso ali osauka. Muli mayi ake, amene sankadziwa kuti America ili kutali bwanji. Chingerezi chake n'chosavuta, ndipo kwa gulu limene lafooka, ili ndi buku lodzutsira anthu chifukwa munthu amafuna kudziwa kuti mnyamatayu agona kuti usiku wotsatira. Funso limene ndingakonde kuti mukambirane ndi lakuti: mwana wa m'kalasi mwanu atakuuzani lero kuti akunyamuka ulendo wotero, mungamuuze chiyani? Ine sindinapeze yankho losavuta.

The Boy Who Harnessed the Wind, la William Kamkwamba ndi Bryan Mealer, la mu 2009, ambiri amati analionera kale filimu ya mu 2019. Filimuyo siilowa m'malo mwa buku. Machaputala onena za njala ya 2001 mpaka 2002 ku Wimbe, m'boma la Kasungu, ndi olemera kwambiri, ndipo aliyense pagulu lanu amene anali wamkulu chaka chimenecho adzaika buku pansi n'kuyamba kusimba zake. Kwa inu aphunzitsi muli chinanso. Kamkwamba atasiya sukulu chifukwa chosowa fizi, ankapita ku kalaibulale kakang'ono ka pa sukulu ya pulayimale, ndipo m'menemo anapeza buku lotchedwa Using Energy lokhala ndi chithunzi cha makina oyendera mphepo pachikuto. Chingerezi chinkamuvuta, ndiye ankatsatira zithunzi ndi zojambula, mpaka anapanga makina ake ndi dayinamo ya njinga, mapaipi a pulasitiki ndi mitengo ya bulugama. Mukamaliza bukuli mudzafuna kudziwa kuti kiyi wa kabati ya mabuku pa sukulu panu amasunga ndani, ndipo kabatiyo imatsegulidwa kangati pa sabata.

La kunja limene ndikufuna amayi onse a pagulu lanu aliwerenge ndi Nervous Conditions la Tsitsi Dangarembga wa ku Zimbabwe, la mu 1988. Ndi nkhani ya mtsikana Tambudzai m'dziko la Rhodesia (Zimbabwe wa lero) m'zaka za m'ma 1960, amene makolo akusankha kulipirira sukulu mchimwene wake Nhamo, iye n'kulima kamunda kake ka chimanga kuti agulitse mondokwa apeze fizi. Mwayi wopita ku sukulu ya mishoni akuupeza mchimwene wakeyo atamwalira. Munthu amene mudzakanganirane ndi Babamukuru, m'bale wa bambo ake wophunzira, amene akunyamula banja lonse pamsana koma akufuna aliyense amugwadire. Banja lililonse kwathu kuno lili ndi Babamukuru wake, ndipo ena a ife ndife amene tili pa mpando umenewo. Patulani nthawi yokwanira tsiku lokambirana bukuli.

Pa mwezi wochonga mayeso uja, ndakatulo za Jack Mapanje za mu Of Chameleons and Gods, za mu 1981, zikukwanira. Imodzi pa tsiku basi. Zambiri zinalembedwa mophiphiritsa dala chifukwa cha nthawi imene ankalembera, ndipo mwini wake anamangidwa mu 1987 n'kukhala ku ndende ya Mikuyu mpaka 1991 osazengedwa mlandu. Mukaona kuti ina yakukanikani, muiwerenge ndi munthu wachikulire amene anali pantchito m'zaka zimenezo; adzakumasulirani zimene wolemba sakanatha kunena poyera.

Kuti ndikhale ine, mwezi woyamba ndikanapereka mabuku aafupi kwa anthu amene anafooka msanga mu Febuluwale, aatali kwa atatu aja amene anapirira. Poti muli ku Mzuzu, ngati m'masutikesi mutatuluka mabuku a Chitumbuka kapena a Chitonga, alowe nawo mu mzere. Amene chilankhulocho chimamuvuta akhale ndi mnzake womuthandiza. Musadikire Januwale wina kuti muyambirenso, mwezi uliwonse ndi woyambira. Ndipo mugwirizane tsiku loyamba lomwelo za buku lotayika kapena lonyowa: wolitaya abweretse lina lolowa m'malo, ngakhale lisakhale lomwelo, ndipo akapepese yekha kwa mwini wake, makamaka ngati linabwerekedwa kwa munthu wa kunja kwa gulu. Zithunzi zija zikasonkhana, munditumizireko mayina a mabuku amene mwapeza, ndidzakuthandizani kusankha asanu ndi atatu oyamba.